Clarence Crafoord: dokotala amene adalowa mu mtima kukachotsa chotupa

Anthu ambiri kuno kwathu akamva za opaleshoni ya mtima, dzina limene limafulumira kubwera pakamwa ndi la a Christiaan Barnard, dokotala wa ku South Africa uja amene pa 3 Disembala 1967 adatenga mtima wa munthu womwalira n'kuuika m'chifuwa cha munthu wina pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Palibe angatsutse, ntchito imeneyo idagwedeza dziko lonse lapansi. Koma pamene a Barnard ankachita zimenezi n'kuti patapita kale zaka 13 chichitikire chinthu china chimene manyuzipepala sadachiimbire ng'oma kwambiri. M'chaka cha 1954, dokotala wina wa ku Sweden adatsegula mtima wa mayi wina, n'kuchotsamo chotupa, n'kusoka, mayiyo n'kubwerera kwawo ali moyo. Chilengedwere dziko zoterezi zidali zisadachitikepo.

Dokotalayo ndi malemu Clarence Crafoord. Lero tati tikambeko za moyo wa mkulu ameneyu, popeza muli phunziro kwa mwana wa sukulu amene akulota zodzakhala dokotala, komanso kwa inu amene muli ndi anyamata okugwirirani ntchito pa okala kapena pa galaja. Phunziro lake n'lakuti ntchito yaikulu imene anthu amaiombera m'manja tsiku limodzi imakhala itaphikidwa zaka zambirimbiri, ndipo ophikawo amakhala ambiri.

A Crafoord adabadwa pa 28 Meyi 1899 m'tauni yaing'ono ya Hudiksvall, imene ili m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa Stockholm, likulu la dziko la Sweden. Maphunziro a udokotala adachitira pa sukulu ya Karolinska mu Stockholm momwemo, sukulu imene akuluakulu ake ndiwo amasankha olandira mphotho ya Nobel pa za mankhwala. M'zaka za m'ma 1920 adayamba ntchito pa chipatala cha Mörby, kunja pang'ono kwa mzindawo, pansi pa dokotala wamkulu wa maopaleshoni, a Knut Giertz. Apa mnyamatayu adagwa m'manja abwino, chifukwa a Giertz adali ndi chidwi chachikulu ndi maopaleshoni a m'chifuwa pa nthawi imene madokotala ambiri ankaopa kufikako.

Mantha awowo adali ndi chifukwa. Mwendo mukhoza kuumanga kuti magazi asayende, n'kugwirapo ntchito modekha. Nanga mtima mungaumange bwanji? Umagunda maulendo pafupifupi 100,000 pa tsiku, ndipo m'kati mwake mumakhala modzaza magazi nthawi zonse. Mukauimitsa, ubongo umayamba kufa pakangotha mphindi zinayi kapena zisanu. Mukatsegula chifuwa, mapapo amaphwa ngati chubu cha njinga chobooka. Ndiponso magazi akangotuluka m'mitsempha n'kukhudza chitsulo kapena paipi amaundana. Dokotala wina wa ku Germany, a Ludwig Rehn, adakwanitsa kusoka bala la mpeni pa mtima wa munthu m'chaka cha 1896 ku Frankfurt, koma kumeneko kudali kusoka kunja. Kulowa m'kati idali nkhani ina. Moyo wonse wa a Crafoord tingati udathera pa mavuto amenewa, kuwagwetsa limodzilimodzi.

Vuto loyamba adakumana nalo m'mawodi a pa Mörby. Munthu wachitidwa opaleshoni bwinobwino, mwina ya m'mimba, wagona pabedi masiku angapo akuchira, abale ayamba kale kuyamika Mulungu. Mwadzidzidzi akubanika, thukuta lili kamukamu, basi kutha kwake n'komweko. Chimachitika n'chakuti magazi amaundana m'mitsempha ya m'miyendo chifukwa chogona nthawi yaitali, chibuma chake n'kuchoka pamalopo, n'kuyenda ndi magazi mpaka kukatseka mtsempha waukulu wopita ku mapapo. Dokotala wa ku Leipzig, a Friedrich Trendelenburg, adafotokoza mu 1908 njira yotsegulira chifuwa mwachangu n'kukoka chibumacho, koma odwala amene iwo adayeserapo adamwalira onse. Woyamba kupulumutsa munthu ndi njirayi adali a Martin Kirschner mu 1924. Patapita zaka zitatu, mu 1927, a Crafoord ali ndi zaka 28 zokha adapulumutsa odwala awiri ndi opaleshoni yomweyi, ndipo dzina lawo lidayamba kumveka kunja kwa Sweden.

Wina akadangokhalira kudya mbiri imeneyo mpaka kukalamba. Koma a Crafoord ankadziwa kuti pa opaleshoni yothamangitsana ndi imfa ngati imeneyi opulumuka ndi ochepa, omwalira ndiwo ambiri. Nzeru idali yoti magaziwo asaundane n'komwe. Pa nthawiyo kudali mankhwala otchedwa heparin, amene adatulukiridwa mu 1916 ku Baltimore m'dziko la America, koma adali osayera bwino moti kubaya munthu kudali kumuika pa ngozi. Akatswiri a ku Toronto m'dziko la Canada, komanso a Erik Jorpes a pa Karolinska, adalimbana nawo mankhwalawa mpaka adawayeretsa, ndipo kuyambira 1935 a Crafoord adayamba kubaya heparin odwala ochokera ku fiyeta, n'kuonetsa kuti kuundana kwa magazi kuja kukhoza kupewedwa. Mpaka lero heparin ali m'zipatala pa dziko lonse. Musaliiwale dzina limeneli, chifukwa tikumana nalonso kutsogoloku.

Vuto lachiwiri lidali la mapapo ophwa aja. A Giertz adali ataonetsa kale poyesa pa nyama kuti njira yabwino ndi yopopera mpweya m'mapapo mopumirapumira, monga momwe munthu amapumira yekha. A Crafoord adagwirizana ndi dokotala wa matenda a pakhosi, a Paul Frenckner, ndi mainjiniya a kampani ya AGA, mpaka padapezeka makina otchedwa Spiropulsator, opumitsa wodwala amene wagonekedwa ndi mankhwala chifuwa chili chotsegula. Makina amenewa ndi amodzi mwa makolo a makina opumitsa odwala amene aliyense adawamva akutchulidwa m'nyengo ya Covid-19. Ali ndi chida chimenechi m'manja, a Crafoord, amene tsopano adali atasamukira ku chipatala cha Sabbatsberg m'kati mwa Stockholm, adakhala katswiri wochotsa phapo lathunthu likaonongeka ndi matenda, ndipo mu 1938 adalemba buku la digiri yawo yapamwamba pa nkhani yomweyi.

Kenaka kudabwera 1944. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idali ikuyaka ku Ulaya, koma Sweden sidalowe nawo, kotero zipatala zake zinkagwirabe ntchito. Pali ana ena amene amabadwa mtsempha waukulu wochoka ku mtima, umene amautcha aorta, uli wofinyika pa malo amodzi ngati paipi yopondedwa. Magazi amathamanga kwambiri kumutu ndi m'manja, kumiyendo n'kumafika ochepa, ndipo ambiri mwa anthu oterewa ankamwalira asadakalambe. Kuti mukonze pamafunika kupana mtsemphawo mbali zonse ziwiri, kudula pofinyikapo, n'kulumikiza. Madokotala ankaopa kuti kupana aorta nthawi yaitali kungaphe miyendo ya wodwala, popeza agalu amene ankayeserapo ambiri ankadzuka opuwala. A Crafoord adali ataona ndi maso awo pa maopaleshoni ena a mitsempha kuti munthu atha kupirira kupanidwa kwa aorta kanthawi ndithu osavulala. Adaganizanso kuti munthu wobadwa ndi vutoli thupi lake limakhala litatsegula kale timitsempha tina tolambalala pofinyikapo, timene tingadyetse miyendo dokotala ali pa ntchito. Pa 19 Okutobala 1944 adachita opaleshoniyi pa mnyamata wina wamng'ono, ndipo idayenda bwino. Patangopita masiku owerengeka adachitanso ya wodwala wachiwiri. Dokotala wotchuka wa ku Boston, a Robert Gross, amene nawonso ankafufuza zomwezi, adadzachita yawo chaka chotsatira, mu 1945.

Mu 1948 a Crafoord adasankhidwa kukhala pulofesa wa maopaleshoni a m'chifuwa pa Karolinska. Apa mpamene tikuona khalidwe lawo ngati bwana. Vuto lalikulu lija lidali lidakalipo, loti mtima upumule koma munthu asafe. Pankafunika makina olandira magazi obwerera ku mtima, kuwathira mpweya wa okosijeni monga amachitira mapapo, n'kuwapopera m'thupi monse, kuti dokotala apeze mtima wopanda magazi woti angaone m'kati mwake. Ntchito imeneyi a Crafoord sadaikumbatire okha. Adaipereka kwa anyamata awo. Woyamba adali a Viking Björk, amene adayesa pa agalu makina okhala ndi timbale tozungulira m'magazi kuti magaziwo akumane ndi mpweya. Kenaka kudabwera a Åke Senning mu 1948 momwemo, amene adakhala zaka zingapo m'chipinda choyesera pamodzi ndi mainjiniya, kukonza apa, kusintha apo.

Ku America nako kudali munthu wolimbana ndi makina omwewa, a John Gibbon. Chodabwitsa n'chakuti nawonso chidawayambitsa ndi matenda aja a chibuma cha magazi, pakuti mu 1930 adachezera usiku wonse pambali pa mayi wina ku Boston amene adamwalira ndi vutoli. Pa 6 Meyi 1953 ku Philadelphia, a Gibbon adatseka bowo mu mtima wa mtsikana wa zaka 18 makina awo akugwira ntchito ya mtima ndi mapapo, ndipo mtsikanayo adachira. Koma odwala amene adatsatira adamwalira, a Gibbon adagwa mphwayi n'kusiya maopaleshoni otsegula mtima. Kotero pofika 1954 madokotala ambiri ankaona ngati za makinazi udangokhala mwayi wa tsiku limodzi.

Tsopano tifike pa chotupa chija. Zotupa zoyambira mu mtima mwenimwenimo n'zosowa kwambiri. Madokotala opima mitembo adapeza kuti pa anthu 10,000 alionse, pafupifupi awiri okha ndiwo amapezeka nacho. Chifukwa china n'chakuti maselo a mnofu wa mtima sachulukana kawirikawiri munthu akakula, pamene khansa imakonda malo amene maselo amasinthidwa tsiku ndi tsiku monga m'matumbo kapena pakhungu. Mwa zotupa zimenezi, pafupifupi zitatu mwa zinayi zilizonse si khansa, kutanthauza kuti sizifalikira ku ziwalo zina. Chofala kwambiri mwa akuluakulu amachitcha myxoma. Chimakhala chofewa, chonanda, ndipo chimalendewera pa kamchira kuchokera pa khoma logawa zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima, kawirikawiri ku chipinda chakumanzere.

Musanyengedwe ndi mawu oti si khansawo. Mtima ukamagunda, chotupacho chimakankhidwa n'kukatseka khomo limene magazi amadutsira popita ku chipinda cham'munsi, ngati mpira wogwera pakamwa pa paipi. Munthu amabanika, amachita chizungulire, nthawi zina kukomoka kumene akangosintha kagonedwe. Ena amatentha thupi ndi kuonda. Tizidutswa take tikhoza kunyenyeka n'kupita ku ubongo, munthu n'kufa ziwalo. Choipa china n'chakuti zizindikiro zake zimafanana ndi za matenda a mavavu a mtima, aja amayamba ndi zilonda za pakhosi zosachiritsidwa bwino paubwana, matenda amene kuno ku Africa adakali ofala. Kwa zaka zambirimbiri chotupa chotere chinkadziwika munthu ali kale m'nyumba ya chisoni. Ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 pamene madokotala adayamba kuchiona munthu ali moyo, pothira mankhwala m'mitsempha n'kujambula ndi ekisire. Mu 1952 madokotala a ku Baltimore adayesa kuchotsa chimodzi mothamanga, popanda makina aja, koma wodwalayo adamwalira patapita masabata ochepa.

M'mwezi wa Julaye 1954, a Crafoord ndi gulu lawo adalandira mayi wa zaka za m'ma 40 amene adapezeka ndi chotupa chotere ku chipinda chakumanzere. Taonani mmene zaka pafupifupi 30 za thukuta zidakumanirana m'chipinda chimodzi tsiku limenelo. Heparin uja ndiye adachititsa kuti magazi a mayiyo asaundane m'mapaipi. Luso lotsegula chifuwa mapapo osaphwa lidalipo kale. Mantha opana mitsempha ikuluikulu adali atatha mu 1944. Makina a mtima ndi mapapo adali aja adakhalira pansi a Senning. Magazi adapatutsidwira m'makinawo, chipinda cha mtima chidatsegulidwa, chotupa chidatulutsidwa, pobookapo padasokedwa. Mayiyo adachira, ndipo adakhalanso ndi moyo zaka zina zoposa 30. Iyi idali opaleshoni yachiwiri pa dziko lonse kuyenda bwino pogwiritsa ntchito makina oterewa, ndipo idali yoyamba yochotsa chotupa m'kati mwa mtima wodwala n'kuchira.

Mwamwayi, m'dziko lomwelo la Sweden mudalinso anthu ena awiri amene adathandiza nkhani ya zotupa za mu mtima popanda kugwira mpeni. Mu 1953, a Inge Edler ndi a Hellmuth Hertz a ku Lund adabwereka makina ku kampani yopanga sitima zapamadzi, makina oyezera ming'alu m'zitsulo pogwiritsa ntchito phokoso losamveka ndi khutu la munthu, n'kuwaloza pa chifuwa. Adaona khoma la mtima likuyenda. Uku ndiko kudali kubadwa kwa sikani ya mtima, mbale wake wa sikani ija amaunikira amayi oyembekezera. Lero chotupa cha myxoma chimaoneka pa sikani imeneyi wodwala osabayidwa n'komwe, ndipo chikachotsedwa msanga ambiri amachiriratu.

Mu 1957 gulu la a Crafoord lidasamukira ku nyumba yatsopano ya matenda a m'chifuwa pa chipatala cha Karolinska. Kumeneko, pa 8 Okutobala 1958, a Senning adaika m'thupi la munthu kachipangizo kothandiza mtima kugunda, kamene amati pacemaker, koyamba pa dziko lonse kuikidwa m'kati mwa thupi. Wokapanga adali a Rune Elmqvist. Koyambako kadangogwira ntchito maola ochepa, ndiye adaikanso kena. Wodwalayo, a Arne Larsson, adasinthiridwa tizipangizo toposa 20 pa moyo wawo, n'kudzamwalira mu 2001 ali ndi zaka 86, a Senning ndi a Elmqvist atatsogola kale. A Senning adapezanso njira yothandizira makanda obadwa mitsempha ikuluikulu ya mtima itasinthana malo, ndipo opaleshoni imeneyo mpaka lero imadziwika ndi dzina la Senning, osati la bwana wawo. Mu 1961 adapita ku Zürich m'dziko la Switzerland kukatsogolera maopaleshoni pa chipatala chachikulu cha kumeneko. A Björk nawo adatchuka ndi vavu yochita kupanga ya Björk-Shiley, ndipo ndiwo adalowa m'malo mwa a Crafoord pamene mkuluyu adapuma pa ntchito mu 1966. A Crafoord adamwalira pa 25 Febuluwale 1984 ali ndi zaka 84.

Koma tisanamizane abale, pali nkhondo imene mkuluyu adaisiya isadathe, ndipo mpaka lero sidathe. Tanena kuti zitatu mwa zotupa zinayi si khansa. Chachinayicho ndiye chilombo. Zambiri mwa izi ndi za mtundu wa sarcoma, ndipo yodziwika kwambiri mwa akuluakulu ndi angiosarcoma, imene imayambira m'maselo a mitsempha ya magazi ndipo imakonda chipinda cham'mwamba chakumanja. Myxoma ija imalendewera pa kamchira, mukadula kamchirako pamodzi ndi kachigamba ka khoma ndiye kuti mwathana nayo. Sarcoma imalowerera m'khoma la mtima ngati mizu ya kachere pa khoma la nyumba. Ndiye popeza magazi onse a m'thupi amadutsa pomwepo, mbewu zake zimamwazika msanga, makamaka ku mapapo. Imagwira ngakhale anthu a zaka za m'ma 30 ndi 40, ndipo nthawi zambiri imadziwika itafala kale. Popanda chithandizo ambiri satha chaka.

Lamulo la opaleshoni ya khansa paliponse n'lakuti mudule chotupa pamodzi ndi mnofu wabwino wozungulira, kuti pasatsale mbewu. Pa bere kapena pa mwendo zimatheka, mwina mpaka kuchotsa chiwalo chonse. Nanga pa mtima mudula mpaka pati? Masiku ano madokotala amatsegula fupa la pakati pa chifuwa, kulumikiza wodwala ku makina a mtima ndi mapapo, kuimitsa mtima ndi mankhwala ozizira okhala ndi potaziyamu, n'kudula khoma lonse limene lagwidwa. Pamene pabookapo amaikapo chigamba, nthawi zambiri chochokera ku nembanemba yokuta mtima wa ng'ombe, yokonzedwa bwino ndi mankhwala. Ngati vavu yakhudzidwa amaikapo ina, ngati ndi mtsempha wodyetsa mtima amaulambalala ndi wina. Mankhwala a khansa odzera m'diripi amaperekedwa opaleshoni isadachitike kuti chotupa chifote, kapena pambuyo pake. Odwala amene chotupa chawo chachotsedwa chonse amakhala nthawi yotalikirapo kusiyana ndi amene china chatsalira, komabe kwa ambiri khansayo imabweranso.

Chipinda cham'mwamba chakumanzere chili kumbuyo kwa mtima, kumene dzanja la dokotala limafika movutikira. Mu 1983, chaka chimodzi a Crafoord asadamwalire, a Denton Cooley a ku Houston m'dziko la America adayesa nzeru yoopsa, yochotsa mtima wonse m'chifuwa, kuugoneka pa malo ozizira, kudula chotupa, n'kuubwezeretsa mwa mwini wake. Wodwala woyambayo adamwalira chifukwa chotaya magazi, koma njira idali itatseguka, ndipo mu 1998 a Michael Reardon mu mzinda womwewo adaigwiritsa ntchito bwino pa chotupa cha khansa. Wina afunsa kuti, bwanji osangoika mtima wina monga adachitira a Barnard? Zimenezo zayesedwapo, koma zotsatira zake n'zosakondweretsa kwenikweni. Wolandira mtima wa munthu wina amayenera kumwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi moyo wake wonse kuti thupi lisaukane mtimawo, ndipo mbewu za khansa zimene zidabisala kwina zimapezerapo mpata womera.

Tionjezerenso kuti khansa yambiri yopezeka ku mtima imakhala yochokera kwina, monga ku mapapo, ku bere, ku impso kapena pakhungu, ndipo yotereyi ndi yochuluka maulendo oposa 20 kuyerekeza ndi yoyambira mu mtima. Apa opaleshoni kawirikawiri imangokhala yopepukitsa wodwala, monga kutulutsa madzi odzaza m'thumba lokuta mtima kuti munthu apumeko bwino. Koma pali khansa ya impso imene imakwawa m'kati mwa mtsempha waukulu mpaka kukasuzumira mu mtima, ndipo imeneyo madokotala amatha kuisolola mothandizidwa ndi makina omwe aja.

Tatchula zonsezi kuti pasakhale wonamizidwa. Ngati akatswiri okhala ndi zida zonse akulimbanabe ndi khansa ya mu mtima patatha zaka zoposa 70 chichitikire opaleshoni ya a Crafoord, eti munthu wa kabotolo pa depoti kapena mumsika, wolonjeza kuchiza khansa ya mtundu uliwonse pa sabata imodzi, angathe? Munthu amene akubanika popanda chifukwa, akukomokakomoka kapena akutupa miyendo apite ku chipatala akamuunike. Mwayi waukulu ngwoti si chotupa n'komwe, angokhala matenda ena a mtima amene mankhwala ake alipo, ndipo ndalama zothera pa mabotolo zikadagwira ntchito pa thiransipoti.

Kwa ophunzira, onetsetsani anthu amene adali m'mbuyo mwa opaleshoni ya 1954. Mudali woyeretsa mankhwala, mudali dokotala wa pakhosi, mudali mainjiniya a pa kampani, mudali anyamata ochezera ndi agalu m'chipinda choyesera. Palibe ntchito imodzi mwa izi imene pa nthawiyo inkaoneka ngati ya ulemerero. Dziko lililonse lofuna kumadzichitira lokha maopaleshoni a mtima, m'malo motumiza odwala ake kunja ndi ndalama zankhaninkhani, liyenera kuyambira pa anthu oterewa: wogonetsa odwala, woyendetsa makina, namwino wa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, wosunga magazi, mpaka woonetsetsa kuti magetsi asazime mtima wa munthu uli chiimire. Kugula makina kokha sikuthandiza ngati owadziwa palibe. Paja akulu adati mutu umodzi susenza denga.

Kwa mabwana, nkhani ndi iyi. Ambiri mwa ife, kaya ndi m'maofesi, m'masukulu kapena m'mabizinesi, tikaona mnyamata kapena mtsikana wanzeru timayamba kumuopa. Timamubisira mafayilo. Maphunziro akunja akabwera timapita tokha, ngakhale titatsala ndi chaka chimodzi kuti tipume pa ntchito. Mmisiri wa pa galaja ikafika nthawi yomanga injini amatuma mnyamata wake kukagula ndudu kuti asaone. Ntchito ikayenda bwino dzina lotchulidwa ndi lathu, ikalakwika wolakwa ndi wamng'ono. A Giertz akadakhala otero, mnyamata wa zaka 28 sakadaloledwa kutsegula chifuwa cha munthu pa Mörby. A Crafoord akadakhala otero, makina a 1954 sakadapezeka, mayi uja akadamwalira ndi chotupa chake, ndipo mayina a Senning ndi Björk sitikadawamva. Mkuluyu adalola anyamata ake kutchuka, ena mpaka kumuposa, ndipo ulemu wake sudachepe ndi pang'ono pomwe.

Khansa ya mu mtima ikudikirabe anthu oti adzaigonjetse, monga momwe myxoma idadikirira mpaka 1954. Ena mwa anthu amenewo lero ali pa desiki akulimbana ndi masamu ndi sayansi. Akadzamaliza n'kubwera kudzagogoda pa khomo kupempha malo, kodi bwana amene adzamupeze pa mpando adzakhala wamtundu wanji?